Ndinafulumira Kuzula Fulashi

Mu Okutobala tinajambula nyimbo zisanu za kwaya yathu kuno ku Nkwali, pa laputopu yobwereka. Ndikuzikopera pa fulashi, galimoto ya ku Mfuwe inaliza hutala, ine n'kungozula. Nyimbo ziwiri zinakana kulira, ndipo mwini laputopu anali atafufuta kale zake.

Kulakwa kunali kwanga. Kompyuta imayamba yapatula kamalo mu memory, n'kuunjikamo zinthu ngati chimanga pabwalo, ndipo kapulogalamu kotchedwa driver kamatutira ku fulashi pang'onopang'ono. Ikaonetsa kuti yatha, china chingakhale chikadali pabwalo. Kudina Eject ndiko kuiuza kuti imalize kututa.

Loweruka tinaimbanso, thukuta lili kamukamu. Asopurano sanandilankhule mpaka madzulo.