Musanakweze bakkie yanu, yambani mwaikweza pa sikelo

Lero tiyeni tikambirane za ma spring ndi ma shock, makamaka ife amene galimoto zathu ndi nyumba zathu zachiwiri. Ambirife tikuyendera Hilux, Ranger kapena D-Max ya double cab imene imagwira ntchito zonse. Imadutsa pa Beitbridge ndi katundu, nthawi yokolola imalowa m'midzi kukatenga soya ndi mtedza, pa tchuthi imanyamula banja kupita kunyanja kapena kukwera ku Nyika. Pofuna kupulumutsa ndalama za malo ogona taiikira canopy, tenti ya padenga, furiji, batire lachiwiri ndi zigubu za madzi. Posakhalitsa kumbuyo kumagwada, kutsogolo n'kumayang'ana kumwamba, ndipo aliyense woiona amangoti, "Bwana, ikwezeni imeneyi."

Ife tikuti kukweza kusakhale koyamba. Spring imasankhidwa potengera kulemera kumene galimoto imakhala nako tsiku ndi tsiku, ndipo shock imasankhidwa potengera spring imene mwaikayo. Kutalika kumabwera pambuyo ngati phindu chabe. Amene amayambira pa kutalika amalipira kawiri, ndipo ena amalipira ndi katundu wawo yense ali m'ngalande.

Tiyambe ndi ntchito ya chilichonse, chifukwa ambiri timazisokoneza. Spring ndiyo imasenza katundu. Shock sisenza, ntchito yake ndi kuletsa spring kuti isamangodumphadumpha galimoto ikagunda bampu. Choncho ngati kumbuyo kwagwada, ngakhale mugule ma shock odula bwanji sikudzuka. Ngati galimoto ikuvina ngati bwato pa mafunde mukadutsa dzenje, kuwonjezera ma blade sikuthandiza. Awa ndi matenda awiri, mankhwala akenso ndi awiri.

Choyamba ndi sikelo. Galimoto iliyonse ili ndi malire a kulemera kwake konse, amene amalembedwa kuti GVM pa kachitsulo kapena kapepala ka kampani. Amene muli ndi galimoto zolembetsedwa ku South Africa, GVM ndi tare zalembedwa pa disiki ya pagalasi. Mukachotsa tare pa GVM mupeza zimene mukuloledwa kunyamula, ndipo pa double cab zambiri ndi pakati pa makilogalamu 800 ndi 1,000. M'menemo muli inu oyendetsa, okwera onse, ndi chilichonse chimene munamangirira galimoto itatuluka kufakitale.

Tawerengani nokha. Canopy imalemera makilogalamu 60 mpaka 100. Tenti ya padenga, 50 mpaka 80. Bull bar yachitsulo ndi winch pamodzi zimatha kukwana 100. Batire lachiwiri ndi 25 kapena 30. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndiye zigubu zitatu za malita 20 ndi makilogalamu 60. Jerikani ya dizilo yodzaza imapitirira pang'ono makilogalamu 20. Onjezani furiji, bokosi la masipanala, tayala lachiwiri la sipeya ndi anthu akuluakulu awiri. Musanaikemo ndi belo limodzi lomwe la kaunjika, theka la zimene mukuloledwa kunyamula latha kale, mwinanso kupitirira.

N'chifukwa chake timati pitani pa sikelo kawiri. Ogula zitsulo zakale ndi makampani ogula mbewu amakhala ndi masikelo a galimoto, ndipo ambiri salimbalimba mukapempha bwino n'kulipira kangachepe. Ulendo woyamba pitani ndi galimoto mmene imakhalira masiku onse: thanki yodzaza, tenti, furiji ndi zonse zosatsika. Ulendo wachiwiri pitani mutapakira ngati mukunyamuka ku Johannesburg. Nthawi zonse ziwiri pimani matayala akutsogolo paokha, akumbuyo paokha, chifukwa ekiselo iliyonse ili ndi malire ake. Lembani manambala anayiwo. Amenewo ndiwo mukamuonetse wogulitsa ma spring, osati chithunzi cha galimoto ya mnzanu.

Makampani odziwika pa zokweza galimoto, monga Old Man Emu, Ironman 4x4, Tough Dog ndi EFS, onse a ku Australia, amagawa ma spring awo potengera katundu wokhazikika. Mupeza ofewa a galimoto imene nthawi zambiri imayenda yopanda kanthu, ena a makilogalamu 300 okhazikika, ena a 500 kapena 600. Mawu ofunika apa ndi "okhazikika". Akutanthauza katundu amene satsika m'galimoto chaka chonse, osati katundu wolemera kwambiri amene munanyamulapo kamodzi. Ngati canopy, tenti ndi madirowa anu akukwana 300, gulani a 300. Mukagula a 600 poganiza kuti olimba ndiye abwino, tsiku limene mukubwerera opanda katundu galimoto idzakhala ngati ngolo ya ng'ombe. Msana udzapweteka, ndipo choopsa kwambiri n'chakuti pa msewu wafumbi matayala akumbuyo amadumpha n'kusiya kugwira pansi, galimoto n'kuyamba kutaya matako pa kona. Mukagulanso ofewa kwambiri, ma blade amawongoka, chassis n'kumagunda pa mphira wa bump stop dzenje lililonse, mpaka blade yaikulu kuthyoka.

Vuto lathu amalonda ndi lakuti timapita opepuka n'kubwerera olemera, choncho palibe spring imene ingatikomere mbali zonse. Chimene chimayandikira ndi ma blade a magawo awiri, okhala ndi ma blade othandizira pansi amene amayamba kugwira ntchito katundu akachuluka. Funsani za amenewo. Kutsogolo nako kuli ndi masamu ake: spring ya galimoto yopanda bull bar ndi yosiyana ndi ya galimoto yokhala ndi bull bar ndi winch. Musalole kuti akuikireni yolimba kutsogolo ngati kulibe chitsulo choti isenze.

Tsopano kutalika. Hilux, Ranger ndi D-Max za masiku ano, tayala lililonse lakutsogolo limayenda palokha, ndipo mphamvu imafika kutayala kudzera m'ma CV joint. Mukakweza, ma CV amagwira ntchito atapendekeka. Mamilimita 40 mpaka 50 ndiwo malire amene galimoto zotere zimalandira popanda kusintha zida zina. Kupitirira apo mwayamba kudya ma CV ndi ma ball joint, mipira yake imang'ambika msanga, ndipo alignment imavuta kukhala pokhapokha mugulenso ma control arm apamwamba. Land Cruiser 79, imene ili ndi ekiselo yathunthu kutsogolo, imapirira kuposa apo, koma nayonso ikakwera kwambiri chiwongolero chimayamba kuyendayenda. Walira mvula walira matope.

Palinso chinthu chimene ogulitsa sakonda kunena. Pa msewu wa mikwasa yakuya, ngati ija imasiyidwa ndi mathirakitala nthawi ya dzinja, chimene chimayamba kukhula pansi ndi difu yakumbuyo. Ma spring amakweza thupi la galimoto, koma difu imakhala pomwe inali. Chimene chimaikweza ndi tayala lokha. Kuchoka pa 265/65 R17 kupita pa 265/70 R17 kumakweza difu ndi mamilimita pafupifupi 13 basi. Kukweza kumathandiza kuti mimba ya galimoto isakhule pa chitunda, komanso kuti ikapakiridwa ikhalebe ndi mpata wopumira, koma sikusandutsa bakkie kukhala thirakitala.

Chenjeraninso ndi zokweza zotchipa: ma spacer kutsogolo, ma block pakati pa blade ndi ekiselo, kapena ma shackle aatali. Izi zimakweza galimoto koma spring imakhala yomweyo yotopa ija. Pamaso ikuoneka bwino, pansi pa katundu palibe chasintha. Amakaniko athu a m'mbali mwa msewu amadziwa kuwonjezera blade kapena kupinda akale, ndipo zimenezi zimatipulumutsa tikakhala kutali. Koma blade yopindidwa ndi nyundo kapena yotenthedwa ndi moto sichedwa kubwerera pomwe inali. Muzione ngati njira yokufikitsani kunyumba. Ma airbag othandizira nawonso ndi ofunika kusamala pa galimoto ya ma blade: mukawapopa kwambiri amakankha chassis pa malo amodzi amene sanapangidwire kusenza, ndipo double cab yolemedwa kumbuyo imatha kupindika pakati pa kebini ndi bodi.

Za ma shock, mdani wake wamkulu ndi kutentha. Mkati mwa shock muli oilo amene amakanikizidwa kudutsa m'timabowo ting'onoting'ono, ndipo kugwedezeka konse kwa msewu kumasanduka kutentha m'menemo. Pa msewu wafumbi wokhala ndi mizere ngati malata, shock imakwera ndi kutsika mosapuma. Oilo akatentha amachita thovu, shock n'kufooka, galimoto n'kuyamba kuyandama. Tangoganizani kuchita zimenezi ndi katundu wodzaza m'dera la Tete mwezi wa October, pamene kunja kokha kumatentha kupitirira madigiri 40. N'chifukwa chake pa ntchito yathu timayang'ana shock yonenepa, yokhala ndi oilo wambiri, komanso ya gasi kapena ya foam cell, njira ziwiri zochepetsera thovu. Ma shock okhala ndi kabotolo kapadera ndi abwino, koma ndi a anthu othamanga pa fumbi maola ambiri, ndipo akafuna kukonzedwa muli ku Chipata kapena ku Mzimba mudikira nthawi yaitali. Kwa ife, shock imene ina yake ingapezeke mosavuta m'njira zathu imaposa yapamwamba yosowa.

Kutalika kwa shock kugwirizane ndi spring. Mukakweza ndi mamilimita 50 n'kusiya shock yakale yaifupi, tayala likagwera m'dzenje shock imakokedwa mpaka kumapeto, mabushi amaphwanyika, mwinanso khutu lake kuthyoka. Ikatalikitsa, imagunda mkati mwake bump stop isanagwire ntchito. Njira yosavuta ndi kugula ma spring ndi ma shock a kampani imodzi opangidwira galimoto yanuyo. Sinthani awiriawiri, kumanja ndi kumanzere pamodzi. Ndipo mukapeza shock ya dzina lalikulu pa mtengo wa tomato, kumbukirani chikomekome cha mkuyu. Zabodza zilipo zambiri m'misika yathu. Gulani kwa wogulitsa wopereka risiti ndi galanti yolembedwa.

Kumangirira kwake nakonso kuli ndi malamulo. Ma U-bolt akhale atsopano, ndipo mukayenda makilomita 500 kapena kuposerapo pang'ono, bwererani akawamangenso chifukwa ma blade atsopano amakhazikika. Mabawuti a mabushi amangidwe komaliza galimoto itatsika pa jeke, itaima pa matayala ake. Akamangidwa ili m'malere, mabushi amapotoka n'kutha msanga. Onetsetsani kuti mapaipi a mabuleki ndi mawaya a ABS sakukokeka tayala likalendewera. Pa Hilux ndi Land Cruiser zakale zopanda ABS pali valavu kumbuyo imene imachepetsa kapena kuwonjezera mphamvu ya mabuleki akumbuyo potengera mmene galimoto yagwadira. Mukakweza osaisintha, imaona ngati galimoto ilibe katundu, ndipo mabuleki akumbuyo amagwira mofooka pamene mwapakira. Pomaliza chititsani alignment, konzani magetsi akutsogolo kuti asamathobwe madalaivala anzathu usiku, ndipo adziwitseni a inshuwalansi kuti mwasintha.

Mfundo imene tikufuna isaiwalike ndi iyi: ma spring olimba sasintha GVM. Mabuleki ndi omwe aja, ma bearing ndi omwe aja, ekiselo ndi chassis ndi zomwe zija. Spring yolimba imangobisa kuti mwapakira mopitirira, chifukwa galimoto imaoneka yoima bwino. Madalaivala a mathiraki muli muno mukudziwa kuti sikelo siyang'ana maonekedwe. Kuchokera ku Johannesburg kudzera ku Harare, Nyamapanda ndi Tete mpaka ku Blantyre ndi makilomita oposa 1,700, ndipo penapake m'njiramo mudzafunika kuima mwadzidzidzi chifukwa cha ng'ombe, mwana kapena dzenje. Galimoto yokwezedwa, yokhala ndi tenti ndi majerikani padenga, imapendekeka msanga mukakhota mwamphamvu.

Choncho kapakiridwe kakhale mbali ya nkhaniyi. Zolemera zikhale pansi, kutsogolo kwa ekiselo yakumbuyo, pafupi ndi kebini. Pa Hilux, imene ma ekiselo ake atalikirana mamita atatu ndi pang'ono, makilogalamu 100 oikidwa mita imodzi kumbuyo kwa ekiselo amalemetsa matayala akumbuyo ndi makilogalamu oposa 130, n'kupepukitsa akutsogolo ndi oposa 30. Akutsogolowo ndiwo amakhota ndi kugwira mabuleki kwambiri. Padenga pakhale tenti ndi zofunda basi. Ngati manambala a pa sikelo akupitirira malire ulendo uliwonse, yankho si spring ina. Yankho ndi ngolo yokoka, galimoto yokulirapo, kapena kutumiza katundu wina pa thiraki.

Amene mwaika kale, kuyesa kwake n'kosavuta. Mukayenda makilomita angapo pa fumbi, imani n'kuyandikiza dzanja pa shock iliyonse mosamala. Yogwira ntchito imakhala yofunda kapena yotentha. Imene yazizira pamene zinzake zatentha ndiye kuti yafa. Yang'anani ngati oilo akuchucha, ngati tayala likutha mwa zigambazigamba, komanso ngati pakati pa bump stop ndi ekiselo patsala mpata mutapakira. Chitani zimenezi musananyamuke, chifukwa kukonza zinthu zotere pa boda ndi ndalama zakunja kumawawa. Safunsa anadya phula, ndiye funsani wogulitsa kuti spring imeneyo ndi ya makilogalamu angati okhazikika, ndipo ngati sakudziwa, pitani pena.

Muyende bwino nonse, ndipo katundu akafike.