Alendo a Mapiko pa Lupembe

Munthu wochokera ku Chilumba pa msewu wa M1 amadutsa pa Lupembe asanafike pa boma la Karonga. Ndi dera lotentha, lodziwika ndi ulimi wa thonje. Nyanja ili pafupi, ndipo kutsidya kwake kumaoneka mapiri a ku Tanzania. Ambiri amangodutsapo pa basi, koma ife tidatsika m'mwezi wa Disembala kuti tikaone alendo amene amafika kuno chaka ndi chaka popanda chiphaso.

M'mawa mwake tidaona nkhungu zikutuluka m'nyanja ngati utsi wa moto wa kutchire. Mozungulira nkhunguzo munkauluka mbalame zing'onozing'ono zotuwira, za mapiko osongoka, zikuwakha nkhungu m'malere ndi kutola zina pamwamba pa madzi. Sizimira pansi monga imachitira mphipi. Pa Chingerezi dzina lake ndi White-winged Tern.

Mbalame zimenezi siziikira mazira kuno. Zisa zake zimakhala m'madambo a ku Poland, Ukraine, Russia ndi Kazakhstan. Kumeneko kukayamba kuzizira, tizilombo n'kusowa, zimauyamba ulendo ndipo zimatipeza cha mu Okutobala. Pofika mu Epulo thupi lake limada bii, mapiko n'kutsala oyera. Asodzinu mukaona zimenezo, dziwani kuti alendo akutsanzika.

Mbale wake wotchedwa Arctic Tern, amene amayenda pa nyanja zikuluzikulu za mchere, ndiye katswiri pa maulendo. Mu 2010 akatswiri adalengeza zimene adapeza atamangirira tizipangizo ku miyendo ya mbalamezi ku Greenland. Kambalame kolemera magalamu ngati 100 kamauluka makilomita pafupifupi 70,000 pa chaka, kupita ku Antarctica ndi kubwerera. Iko kamadzera kugombe la kumadzulo kwa Africa, pamene mlendo wathuyu amatsata mitsinje, madambo ndi nyanja zopanda mchere monga yathuyi.

Wapaulendo aliyense amafuna pogona. Mbalamezi zimapumula pa mchenga wa pamathiriro a mitsinje ndi m'mbali mwa mabango. Tikamatentha mabango onse, kapena ana athu akamazigenda ndi malegeni madzulo zitatera, zimasowa popumira ndi popezera mphamvu zobwerera kwawo kukaswa.

Akuluakulu adati mlendo ndi mame. Abambo ndi amayi a m'mbali mwa nyanja, kaya ndi ku Karonga, ku Nkhotakota, ku Salima kapena ku Mangochi, tiyeni tiwauze ana athu kumene mbalamezi zimachokera, ndipo azisiye zidye nkhungu mwamtendere mpaka Epulo.