Dziko linatha, makalata anatsala

Ife okhala kunja kuno timadziwa kulemera kwa envulopu yochokera kumudzi. Tisanaitsegule n'komwe, maso amayamba agwera pa sitampa. N'chifukwa chake mbiri ya makalata a ku East Germany imatikhudza, ngakhale dzikolo kulibenso.

Dzikoli linakhazikitsidwa pa 7 October 1949 pansi pa ulamuliro wa chikomyunizimu. Masitampa ake ambiri ankalembedwa DDR, ndipo ankajambulapo Karl Marx, Lenin, mtsogoleri wawo Walter Ulbricht, mafakitale ndi akatswiri a masewera. Khoma la Berlin litamangidwa mu 1961, mabanja ambiri anagawanika. Chowalumikiza chinatsala kalata ndi phukusi. Achibale a ku West Germany ankatumiza khofi, chokoleti, sopo ndi zovala, monga momwe ifenso timatumizira katundu kwa makolo.

Koma kalata sinkayenda mwamtendere. Apolisi achinsinsi a Stasi anali ndi nthambi yotchedwa M, imene inkamatula maenvulopu ndi nthunzi, kuwerenga, kuchotsa ndalama, n'kumatanso. Anthu anaphunzira kulemba mophiphiritsa. Akuluakulu athu amene ankalembera kumudzi nthawi ya chipani chimodzi amawadziwa mantha amenewa.

Ngakhale sitampa yeniyeniyo inkautsa mkangano. Mu 1965 West Germany inatulutsa yokumbukira Majeremani amene anathamangitsidwa kum'mawa nkhondo itatha, ndipo mapositi ofesi a mbali inayo ankaipaka inki kapena kubweza kalatayo. Mu 1971 East Germany inatulutsa yokondwerera zaka 10 za khoma lija, ndipo a kumadzulo nawonso ankabweza. Njovu zikamamenyana umavutika ndi udzu: amene ankadikira pachabe ndi mayi wofuna kumva za mwana wake.

Maiko awiriwa anagwirizana pa 3 October 1990, koma makeyala anasokonekera. Bonn ndi Weimar onse anali ndi nambala 5300, mpaka pa 1 July 1993 pomwe anayamba nambala zatsopano.

Lero masitampa a DDR sangatumize kalikonse, koma mabanja amene anasunga makalata ali ndi mbiri yawo m'manja. Nanga ife? Mauthenga athu a pa WhatsApp amapita ndi foni ikatayika. Ana athu obadwira kuno adzafuna kuona zilembo za agogo awo ndi Chichewa chimene ankalemba. Tiyeni tisunge makalata akalewo pamalo ouma, pamodzi ndi maenvulopu ake, ndipo mwezi uno tilembe imodzi yopita kumudzi.