Ku Hirosaki, kwawo kwa Yoshitomo Nara

Hirosaki ndi tauni ya kumpoto kwa Japan, m'chigawo cha Aomori. Kumeneku amalima maapozi, ndipo nthawi yozizira chipale chofewa chimachita kukwirira misewu. Yoshitomo Nara anabadwira kuno mu 1959.

Mu Okutobala 2019, chithunzi chake chotchedwa Knife Behind Back chinagulidwa madola pafupifupi 25 miliyoni pa okushoni ya Sotheby's ku Hong Kong. Pachithunzipo pali kamtsikana kovala diresi lofiira, kakuyang'ana molusa. Mpeniwo suoneka n'komwe!

Chodandaulitsa n'chakuti zithunzi zikagulidwa chonchi, zambiri zimakathera m'nyumba za mpondamatiki. Koma mukapita ku Aomori Museum of Art, mukamupeza galu woyera wa Nara, chimphona cha mamita 8.5, ataweramitsa mutu. Ameneyo ndiye palibe angamunyamule kupita naye kwawo.