BAWUTI YOTHYOKA

Kwathu ndi kwa Nsamala, chakufupi ndi mtsinje wa Rivirivi. Kale dziko lathuli linali mbali ya boma la Machinga, koma m'chaka cha 1998 Balaka anakhala boma payekha. Ndilo dziko lotentha, la milambe ndi thonje, ndipo usiku kukachita bata timamva sitima irikupita pa njanji yochokera ku Nkaya. Lero ndifuna kukusimbirani, ana inu, za kachitsulo kosaposa chala chanu chaching'ono, kamene kanandigoneka kunja kwa tulo masiku awiri.

Amalume anga anali ndi njinga yamoto, imene ena amati mthuthuthu chifukwa cha kulira kwake. Anaigula ndi ndalama za thonje la zaka zitatu, ndipo m'mudzi mwathu munalibe ina. Usana ankanyamula nayo anthu ndi katundu kunka ku msika wa ku Balaka, ndipo mchere wathu, sopo ndi makope a kusukulu zinkachokera pamenepo. Usiku munthu akadwala, khomo loyamba kugogodapo linali la amalume.

M'mwezi wa Januwale 2015 kunagwa mvula yaikulu, madzi nasefukira m'maboma 15 a dziko lathu, pamodzi ndi Balaka ndi Machinga. Njinga ija inayenda m'matope ndi kuoloka makwawa masabata ambiri. Pofika chilimwe inayamba kulira mosokosa, utsi nutuluka pamene paipi ya utsi ilumikizana ndi mutu wa injini. Paipiyo imamangidwa ndi mabawuti awiri okha. Amalume anati adzakonza Loweruka, pakuti Lolemba anayenera kuperekeza achemwali anga kuchipatala cha ku Balaka. Achemwaliwo anali oyembekezera, masiku ao ali pafupi, ndipo anafunika kukadikira komweko. Alamu anga anali pa nchito ku Johannesburg, tsono udindo wonse unali pa amalume, ndiwo eni mbumba.

Lachisanu amalume anapita kumaliro kutsidya. Ine ndinali wa zaka 13, ndipo ndinali nditaona kawirikawiri m'mene iwo agwirira sipanala. Ndinati mumtima mwanga, "Ndimasuliretu mabawutiwa, kuti akabwera andiyamikire." Ndinatenga sipanala ya nambala 10. Bawuti yoyamba inatuluka monyinyirika. Yachiwiri inakana. Ndinakoka, nikanabe. Pamenepo ndinatola kapaipi kakale, ndi kukalonga ku chigwiriro cha sipanala kuti chitalike, ndipo ndinatsamirapo ndi thupi lonse. Mwadzidzidzi sipanala inafewa m'manja mwanga. Ndinakondwa, poyesa kuti yagonja; koma pakukokanso ndinangomva kuti thyo! Mutu wa bawuti unagwa m'fumbi.

Ichi mukumbukire: bawuti youma ikafewa mwadzidzidzi, kawirikawiri sikuti irikumasuka ai, koma irikupotoka pakhosi, ndipo yatsala pang'ono kuduka.

M'dzenje munatsala chitsa, chotulukira kunja pang'ono ngati njere ya chimanga. Ndinayesa kuchigwira ndi pulayala, koma inkangoterereka ndi kuchipala. Pamenepo ndinachita chinthu cha manyazi. Ndinamata mutu wothyoka uja pamalo pake ndi dothi, ndi kupakapo mwaye, kuti pasaoneke kanthu. Koma usiku tulo sitinabwere. Ndinkaona m'maganizo paipi irikugweduka pamseu, achemwali ali pambuyo pa njinga, kutali ndi mudzi ndi kutali ndi chipatala. Kutacha ndinapeza amalume alikusamba m'maso, ndipo ndinagwada ndi kuti, "Amalume, ndalakwa. Ndathyola bawuti ya njinga yanu, ndipo ndinamatapo dothi kuti musaone."

Iwo anapita nakanda dothilo ndi chikhadabo, nakhala chete nthawi yaitali. Potsiriza anati, "Mlandu wako tidzakamba bwino lake. Thamanga ukaitane agogo a kunjanji."

Agogo amenewa sanali a mtundu wathu, koma mudzi wonse unkawatcha chomwecho. Anayamba nchito ya njanji m'chaka cha 1970, chaka chimene anatsegula njanji yochokera ku Nkaya, kupyola pa Liwonde, kukafika ku Nayuchi m'malire a dziko la Mozambique. Ndipo mabawuti amene anamanga ndi kumasula pa moyo wao ngosawerengeka. Anafika ndi kathumba momwe munali nyundo yaing'ono, tupa ndi tchizulo chosongoka. Sanafulumire kugwira kanthu. Anakhala pampando, napenyetsetsa chitsa chija, nafunsa, "Anagwira pano ndani?"

"Ndine, agogo."

"Unafunsa yani?"

"Sindinafunse munthu."

"Safunsa anadya phula," anatero. "Koma popeza wathyola ndiwe, udzazulanso ndiwe. Khala apa, mdzukulu wanga."

Poyamba anandiphunzitsa chifukwa chake bawuti inakana. Chitsulo chikakomana ndi madzi ndi mpweya chimachita dzimbiri, ndipo dzimbiri limafuna malo akulu koposa chitsulo chimene lachidya. Tsono limadzaza timipata tonse ta m'mizere ija yozungulira bawuti, imene amisiri amati mazinga, ndi kuimanga zolimba. Kutentha kwa utsi kumafulumiza nchito imeneyi. Ndiponso bawuti nja chitsulo cholimba, koma mutu wa injini ngwa aluminiyamu, amene apangira mapoto ophikira. Ndipo zitsulo ziwiri zosiyana zikagonerana pa chinyezi zimadyana ndi kugwirana koposa. Aluminiyamu ngwofewa. Munthu akalimbana ndi chitsa mwaukali amawononga mazinga a m'dzenje, ndipo pamenepo vuto la kabawuti kamodzi lisanduka vuto la mutu wonse wa injini, umene mtengo wake ugula mabawuti mazanamazana.

Amalume anachotsa thanki ya petulo naiika kuseri kwa nkhokwe. Atatero anamasula mutu wa injini, nauika pachiguduli, chitsa chitapenya kumwamba. Agogo anapala dzimbiri la pamwamba ndi kawaya, naumba kakhoma ka dongo kuzungulira chitsacho, ngati kadziwe, nathiramo palafini wosakaniza ndi oyilo. Ndipo anandipatsa nyundo nati, "Dzuwa likasuntha pang'ono, uike msomali uwu pamutu pa chitsa, ugogode kakhumi, monga ugogoda pakhomo pa mfumu. Kugogodako kumang'amba dzimbiri, ndipo palafini amatsata ming'alu."

Ndinagogoda tsiku lonse la Loweruka. Anzanga anapita kumpira, ine ndiri pachiguduli. Madzulo amalume anataya mtima, nati, "Agogo, nthawi yatithera. Bwanji ndipite nao mutuwu ku Balaka akaubowole?"

Agogo anayankha kuti, "Njira zimenezo ziripo, mwananga. Wowotcherera zitsulo akhoza kuika nati pamwamba pa chitsa, naiwotcherera, ndipo chitsa chikhala ndi mutu watsopano wogwira sipanala. Imeneyo ndi njira yabwino. Kubowola nako kumathandiza, koma chobowolera chikaphonya pakati penipeni chimadya mazinga. Kulinso kachitsulo kolonga m'chibowo kuti kazule chitsa. Koma nkolimba ngati galasi, ndipo kakathyokera m'katimo, chobowolera wamba sichikalowa. Tiyambe ndi njira yosawononga kanthu. Ikatikanika pofika mawa masana, upite kwa wowotcherera."

Usiku umenewo ndinadzuka kawiri, ndi kukagogoda ndi nyali m'manja.

Lamulungu m'mamawa agogo anagumula kadziwe kaja, napukuta palafini yense kufikira pouma, pakuti palafini ndi moto sizicherezana. Anasalaza mutu wa chitsa ndi tupa, natema kamphako m'mphepete mwake ndi tchizulo. Ndipo anandituma kukoleza makala pambaula pansi pa mtengo, kutali ndi udzu wa nyumba ndi kutali ndi petulo.

Tikudikira makala anandifunsa, "Kodi unaonapo mpata umene tinkasiya pamene njanji ziwiri zikomana? Unali wa chiyani?" Ine ndinati kapena njanjizo zinaperewera. Anaseka nati, "Iai. Chitsulo chikatentha chimakula. Dzuwa la Okutobala likawomba, njanji zimatalika, ndipo popanda mpata zikadakankhana ndi kupindika. Tsono aluminiyamu akatentha amakula pafupifupi kawiri kuposa chitsulo cha bawuti. Tikafunditsa mutuwu, dzenje lidzakula koposa chitsa chiri m'katimo, ndipo lidzachilekerera pang'ono."

Koma sanauponye pamoto. Anaika lata pamwamba pa mbaula, mutu wa injini pamwamba pa latalo. Anati aluminiyamu safiira monga chitsulo cha kwa wosula kuti akuchenjeze. Akatenthetsa amapindika, ndipo pa madigiri 660 amasungunuka, pamene moto wa makala ukhoza kupitirira pamenepo. Ankadonthezapo madzi ndi chala, ndipo dontho litalira kuti tswee, anauchotsa ndi chiguduli chonyowa.

Anaika nsonga ya tchizulo m'kamphako kaja mopendeketsa. Ndinadabwa kuona kuti ayamba kugogoda cha kumene bawuti imangira, ndiko kumene manja a wotchi ayendera. Anati kumangitsa pang'ono kumathyola dzimbiri lotsala. Atatero anatembenuza tchizulo, nagogoda cha kumene bawuti imasukira, mobwerera manja a wotchi. Chitsa sichinasunthe. Anachisiya chizizire, nathirapo palafini, napukuta, nafunditsanso. Sichinasunthe. Amalume anayang'ana dzuwa, nayang'ana achemwali amene anali pamphasa kumanga katundu wao, osanena kanthu. Ine pakhosi panauma.

Kachitatu, kamphako kaja kanasuntha ngati m'lifupi mwa tsitsi limodzi. Ndinalumpha ndi kufuula, koma agogo anati, "Khala pansi. Apa mpamene anthu amathyolanso." Anachibweza pang'ono, nachipititsanso, kubweza ndi kupititsa, akudonthezapo oyilo, ndipo m'dzenje munayamba kutuluka madzi ofiira. Bawuti yotere ikazungulira kamodzi kathunthu imakwera milimita imodzi yokha. Tsono panapita nthawi chitsa chisanatalike kuti pulayala igwire. Itagwira, agogo anaipereka kwa ine. Ndinapotoza manja akunjenjemera, kenaka ndinasiya pulayala ndi kumaliza ndi zala. Chitsa chinagwera m'dzanja langa, chofunda ndi chofiira. Agogo anasuzumira m'dzenje, nati, "Mazinga onse ali moyo." Pamenepo amayi anaimba nthungululu ali kumtondo.

Masana amalume anandituma pa njinga yakapalasa ku Balaka, nditatenga bawuti yamoyo ija ngati chitsanzo. Ndinagula ziwiri, pamodzi ndi gasiketi yatsopano ya mutu wa injini, ndipo zinalowa bwinobwino. Ndinazizwa kuti bawuti yogula ku Balaka ikwana pa njinga yopangidwa kutsidya kwa nyanja. Pambuyo pake ndinaphunzira kuti kale msiri aliyense ankadula mazinga monga afunira, ndipo bawuti ya uyu sinkalowa m'nati ya uja. M'chaka cha 1841 msiri wa ku England, dzina lake Joseph Whitworth, anakonza muyeso umodzi kuti onse autsate. Lero maiko ambiri amayesa mabawuti ndi mamilimita. Yathu ija inali ya mamilimita 6 kunenepa kwake, ndipo nambala 10 ya pa sipanala itanthauza mamilimita 10 a mutu wake.

Pomanga, agogo anandipakitsa girisi pa mazinga, kuti madzi asapezemo malo. Anandiuza kuyamba ndi zala, kuti ndimve ngati yalowa molunjika, ndi kumanga mabawuti awiriwo mosinthana, iyi pang'ono, iyo pang'ono. "Bawuti yaing'ono," anatero, "amamanga ndi dzanja, osati ndi msana."

Lolemba tambala atalira kachiwiri njinga inalira bwino, achemwali nakwera. Patapita masiku asanu ndi anai tinalandira mau akuti kwabadwa mwana wamkazi, ndipo onse ali bwino.

Mlandu wanga unakambidwa madzulo a tsiku lomwelo la Lolemba. Amalume anati, "Kuthyola bawuti ndinathyolapo inenso. Chimene chikadatipha ndi dothi lija. Ukadakhala chete, tikadadziwira pamseu." Chilango changa chinali kutsuka njinga Loweruka liri lonse kufikira mvula, ndi kudontheza oyilo pa mabawuti ake onse. Ndinachilandira mokondwa.

Agogo a kunjanji anatisiya, koma chitsa chija ndiri nacho m'kachitini kufikira lero. Kuchithyola kunanditengera kamphindi, kuchizula masiku awiri. Tsono inu ana, mukagwira chinthu ndipo chikakana, kaya ndi bawuti ya njinga, kaya ya khasu la ng'ombe, kaya ya pa mjigo, musafune chitsulo chachitali. Lekani, mufunse chimene chachimanga; ndipo ngati mwathyola kale, nenani dzuwa lisanalowe. Akulu anati, kuona maso a nkhono nkudekha.