Kakhadi ka Wi-Fi ka kompyuta ya pa shopu

Johannesburg

Okondedwa achimwene,

Kuno ku Joni tili bwino, kungoti chisanu chatipana. M'mawa timapita ku ntchito manja ali m'thumba.

Katundu uja ndapatsira mayi wina wa ku tchalitchi kwathu amene akwera basi Lachisanu, ndipo akakuimbirani akafika ku Lilongwe. M'chikwamamo muli nsapato za ana, bulangete la mayi, ndi kabokosi kakang'ono kamene kandichititsa kulemba kalatayi. M'kabokosimo muli khadi la Wi-Fi la kompyuta ya pa shopu.

Zinandikhudza pamene munandiuza kuti kasitomala akafuna kutumiza kalata yofunsira ntchito, mumailemba pa kompyuta, n'kuikopera pa foni ndi chingwe, kenako n'kutumiza, munthu ali chiimire pa kauntala. Kompyutayo si yoti yatha ayi. Ma Dell OptiPlex amenewa anapangidwira maofesi momwe intaneti imabwera pa chingwe, n'chifukwa chake ambiri a iwo alibe Wi-Fi. Koma m'kati mwake anasiyamo malo oikapo zina, ndipo ndi pamenepo pakalowe khadili.

Mwina mufunsa kuti bwanji sindinagule kaja kooneka ngati flash, kongobaya pa USB. Kamagwira ntchito, ndipo n'kotchipa. Koma mlongoti wake ndi waung'ono kwambiri, kamatentha kakagwira ntchito tsiku lonse, komanso kakanakulandani bowo limodzi la USB pamene pulinta ndi ma flash a makasitomala akulimbirana kale malo. Ndiye pa shopu pamadutsa manja ambiri. Kanthu kotulukira kunja sikachedwa kuthyoka kapena kusowa. Khadili limakhala m'kati, lomangidwa ndi sikulu. Lili ndi chip ya Intel yotchedwa AX200, ya Wi-Fi 6, imene inatuluka mu 2019, ndipo imagwira pa Windows 10 ya 64-bit ndi Windows 11. Pa Windows 7 ilibe driver, koma inu muli pa 10, ndiye palibe vuto.

Pempho langa lalikulu ndi ili: musanyamule kompyutayo kuchoka pa Mponela kupita nayo kwa okonza ku tauni. Ndi ntchito yoti muchita nokha pa tebulo, ndipo ndingakonde kuti sikuludiraiva agwire ndi mtsikana wathu wamkulu uja wa Fomu 3, inu muli pambali. Ine kuno ndimadya chifukwa tsiku lina munthu anandilola kutsegula kompyuta ndi manja anga. Atsikana ambiri amene amabwera kudzaphunzira pa malo athu amaopa kugwira waya aliyense, osati chifukwa chopanda nzeru, koma chifukwa kwawo ankangouzidwa kuti uwononga. Mwana uja ali ndi mutu, mumpatse mpata.

Musanatsegule kanthu, pitani pa webusaiti ya Intel ndi foni, mukatenge driver ya AX200 ndi kuisunga pa flash. Nthawi zina Windows imalizindikira yokha khadili, nthawi zina ayi, ndipo kompyuta yopanda intaneti singadzitengere driver.

Mukatero zimitsani kompyuta, zulani chingwe cha magetsi ku khoma, dinani batani loyatsira kwa masekondi angapo kuti mphamvu yotsalira ithe. Aliyense wofuna kupisamo dzanja ayambe wagwira chitsulo cha bokosilo. Nyengo youma ino thupi limasunga timagetsi tija tothetheka tikamavula juzi, ndipo timeneto tingaphe chip popanda inu kumva kalikonse. Khadilo muligwire m'mphepete, osakhudza timano take tooneka ngati golide.

Pa motherboard mudzaona mipata yoyang'ana kumbuyo kwa bokosi. Wofunika ndi wa PCIe. Waufupi uja, wa x1, ndiye woyenera, koma ngati kulibe, wautali wa x16 ulandiranso khadili bwinobwino, mbali ina ingotsala yopanda kanthu. Pa makompyuta akale pamakhalanso mpata wa PCI, kawirikawiri woyera. Umenewo sugwirizana nalo, ndiye likakana kulowa musakakamize. Poti bokosi lanu ndi lopyapyala lija, chitsulo chachitali chimene chabwera pa khadi sichikwana. M'kabokosimo muli china chachifupi. Masulani masikulu, sinthani. Chotsani kachitsulo kotseka kumbuyo, dinikizani khadi mofanana mbali zonse mpaka timano tonse tibisike, mangani.

M'kabokosi ka khadi muja mupezamonso kawaya kakang'ono. Kameneko ndi ka Bluetooth, kamapita pa timapini 9 ta USB pa motherboard. Ma Dell ena opyapyala alibe malo amenewo. Mukapanda kuwaona, kasiyeni. Wi-Fi igwira ntchito popanda iko. Ndipo poti mwatsegula kale, chotsani fumbi ndi burashi yofewa, mutagwira fani ndi chala kuti isazungulire. Fumbi la pa msewu wa M1 ndikulidziwa.

Tsono za milongoti. Apa ndi pamene anthu ambiri amakhumudwira n'kumati khadi ndi lachinyengo. Kompyuta amaiika pansi pa tebulo, yogunda khoma, milongoti itabisala kuseri kwa bokosi lachitsulo, pamene chitsulo chimatchinga Wi-Fi. N'chifukwa chake ndasankha milongoti ya chingwe chachitali yokhala ndi maginito pansi. Mangani ndi zala zokha, osati pulayala, ndipo muiike pamwamba poonekera. Pa mafunde awiri a Wi-Fi, a 2.4 GHz amafika patali ndipo amapyola khoma la njerwa bwinoko, pamene a 5 GHz amathamanga koma amafuna kuyandikana. Ma MiFi ambiri amangotulutsa 2.4, ndipo pa ntchito yanu ya makalata ndi mafomu ndi yokwana.

Musayembekeze kuti khadili libweretsa intaneti palokha. Limangolumikiza kompyuta ndi MiFi kapena hotspot ya foni. Bandulo ya TNM kapena Airtel mugulabe, ndipo liwiro lidalira netiweki ya pamalopo. MiFi muziiika pafupi ndi zenera. Mukangolumikiza koyamba, lowani mu Settings, Network & Internet, Wi-Fi, dinani dzina la netiweki yanu, n'kuyatsa Set as metered connection. Mukapanda kutero Windows iyamba kukoka ma update ake, bandulo ya sabata n'kutha tsiku lomwelo. Ma update ndi ofunika ndithu, koma muziwalola tsiku limene mwagula bandulo yaikulu. Pasiwedi ya MiFi musinthenso, ikhale yaitali, chifukwa imene inabwera nayo inalembedwa m'kati mwake ndipo aliyense woitsegula aiona.

Mukatsegula bokosilo, mtsikana wathu ajambule m'katimo anditumizire pa WhatsApp asanaike khadi, ndimuonetse mpata wake. Lamulungu masana ndimakhala pakhomo, tingachite limodzi pa vidiyo.

Mundiperekere moni kwa mayi, muwauze kuti za malata a khitchini sindinaiwale, tikambirana mwezi ukatha. Moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mlongo wanu.