Ku Durban mtsogoleri amafunsidwa, ku Kasakula timangoomba m'manja

Abale anga a ku Kasakula, ndimvereniko ine wa ku Joni.

Kuno ku Durban kuli gulu la anthu okhala m'zisakasa, Abahlali baseMjondolo, lomwe linayambira ku Kennedy Road mu 2005. Mu 2009 amphawi amenewa anagonjetsa boma la KwaZulu-Natal kukhoti pa lamulo lofuna kuwasamutsa mokakamiza. Wotchuka ndi S'bu Zikode, koma mphamvu ili ndi anthu wamba. Mtsogoleri wa nthambi amachita kusankhidwa, ndipo akatumidwa kukhonsolo amabwerera kudzafotokoza pamsonkhano. Mayi wogulitsa tomato amaimirira, mwana kumsana, n'kumupanikiza kuti anene chimene wabwera nacho. Mu 2022 atsogoleri atatu a nthambi ya gululi ya ku eKhenana anaphedwa, koma gulu silinabalalike.

Nafenso ku Malawi tinadzukapo. Mu 2019 a Timothy Mtambo ndi bungwe lomenyera ufulu wa anthu la HRDC anadzaza misewu kuti a Jane Ansah atule pansi udindo wotsogolera bungwe loyendetsa zisankho, ndipo pa 3 February 2020 khoti linafafaniza chisankho cha pulezidenti. Koma a Mtambo atalowa unduna chaka chomwecho, ambirife tinapinda manja. Sindikuwanyoza, anaika moyo pachiswe. Vuto ndi ife: tinkatsata munthu, osati nkhani imene inatitulutsa m'nyumba.

Kumudzi ndiye zimanyanya. Kukaitanidwa msonkhano wa komiti ya chitukuko cha m'mudzi (VDC), funso loyamba ndi lakuti alawansi ilipo? Wapampando akatha kuyankhula tonse timati zamveka, kudandaula timakayambira kuchigayo. Mavenda amatibera soya ndi sikelo zokhota chaka ndi chaka, ife n'kumadikira phungu kuti adzatiyankhulire.

Chonsecho luso tili nalo. Kaoneni amayi a banki mkhonde Lachitatu masana: bokosi lili ndi maloko atatu, makiyi ali ndi anthu atatu osiyana, ndalama zimawerengedwa poyera pamkeka aliyense akuona. Wochedwa amalipira chindapusa ngakhale akhale mkazi wa amfumu, ndipo msungichuma akasokoneza K500 yokha sagona tulo. Amayi omwewa ndi amene amakhala chete pabwalo, poopa kutchedwa amwano.

Ndiye soya asanakhwime, kalabu yathu igule sikelo yakeyake. Tisankhe anthu atatu okayankhula ndi ogula, awiri akhale amayi a kubanki mkhonde, ndipo akabwerako adzatchule mtengo pagulu. Akalephera tisankhe ena. Theka la ndalama ya sikelo nditumiza ine pa Mukuru mwezi ukatha.